Ulendo wa pamtunda ku Zanzibar: kampani inatikwiyitsa, koma ku Mkunazini musakuphonye

Tinalipira madola 70 aliyense, ine ndi mayi a kunyumba, pa ulendo wa tsiku limodzi: munda wa zonunkhiritsa chakudya, nkhalango ya Jozani, kenako Stone Town, chigawo chakale cha mzinda wa Zanzibar. Tinasankha za pamtunda chifukwa mayiwa boti amaliopa, ngakhale la panyanja yathu yomwe ino. Pa WhatsApp kampaniyo inalemba kuti ndalama zolowera m'mageti zili momwemo. Linali bodza. Galimoto inafika 10 koloko m'malo mwa 8, ndipo pa geti la Jozani wotiyendetsa anangotilozera polipirira, iye n'kuima poteropo akuseweretsa foni. Tinapisanso m'thumba.

Jozani payokha ndi yabwino. Anyani ofiira kumsana aja, amene sapezeka kwina kulikonse padziko kupatula ku Zanzibar, anatsika mpaka panthambi ya pamutu pathu penipeni. Ku munda wa zonunkhiritsa tinatafuna karafuu (ma clove), tinanunkhiza khungwa la sinamoni, mnyamata wina anakwera mtengo wa kokonati akuimba. Kumeneko konzani ndalama zing'onozing'ono, aliyense amadikira kangachepe.

Chimene chinandiwawa mtima chinachitika masana. Titafika ku Stone Town, wotiyendetsa uja anatilowetsa m'sitolo ya mnzake ya nsalu ndi zithunzi, n'kutisiya momwemo pafupifupi ola lathunthu. Nditafunsa za msika wakale wa akapolo ku Mkunazini, anandiyankha kuti nthawi yatha, komanso kulibe choona, ndi tchalitchi chabe. Tchalitchi chabe! Mkazi wanga ndi wa ku Nkhotakota, kumene Jumbe ankaunjika anthu, kuwawolotsa nyanja n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa, ambiri n'kudzagulitsidwa pabwalo lomwelo. Ndinamuuza kuti m'galimoto sitikwera mpaka tikafikeko. Anatiperekeza nkhope ili gwaa.

Kumeneko mtima wanga unatembenuka. Bambo wina wachikulire amene amaonetsa alendo malowo, atamva kuti ndife Amalawi, anatigwira chanza ndi manja awiri n'kutitcha Wanyasa. Anatitsitsira m'zipinda ziwiri zapansi zimene amati ankatsekeramo anthu podikira tsiku la msika. Denga ndi lotsika, munthu sungaongoke bwino. Mpweya umalowera pa timawindo topapatiza ngati ming'alu, ndipo unyolo ukadali pomwepo. Tinali anthu anayi okha koma thukuta linali kamukamu. Mkazi wanga anagwira unyolowo, osayankhula kanthu, misozi ili chuchuchu. Bamboyo sanatifulumizitse.

M'tchalitchi cha Anglican, chimene anayamba kuchimanga mu 1873, chaka chomwe msikawo unatsekedwa, anationetsa kamzere kozungulira pansi kutsogolo kwa guwa, pamene amati panali mtengo wokwapulirapo akapolo. Kuseri kwa guwalo kuli manda a Bishopu Edward Steere amene anatsogolera ntchito yomanga. Pali mtanda waung'ono umene anasema kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene patsinde pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Ife a Anglican timadziwa kuti amishoni a bungwe la UMCA, amene anamanga tchalitchichi, ndi omwewo anadzafika ku Likoma, koma kuziona ndi maso n'zosiyana ndi kumva pa ulaliki. Panja pali ziboliboli za anthu ataima m'dzenje, unyolo uli m'khosi.

Ndinene chilungamo, wotiyendetsa uja atationa tikutuluka anasintha. Anapepesa kwa mayiwa, anadikira kupitirira nthawi yake osadandaula, ndipo anatifikitsa madzulo ku Forodhani, bwalo la m'mphepete mwa nyanja logulitsirapo zakudya, kumene tinamwa madzi a nzimbe othira jinja ndi ndimu. Mwina vuto si iye kwenikweni, koma mabwana ake amene amamutuma kumasitolo kuti azidyapo. N'chifukwa chake ndikupereka nyenyezi zitatu, osati imodzi imene ndinali nayo m'mutu masana aja.

Mukamalipira, auzeni alembe kuti mageti ali momwemo, ndipo muyambire ku Mkunazini m'mawa, sitolo ibwere pambuyo ngati mukuifuna. Ndalama zathu za pa geti la Jozani analonjeza kubweza. Papita milungu itatu, mauthenga anga akuwerenga koma sakuyankha.