Semina zothyola "matemberero a kumtundu": yopitako ndi iti?

Holide ikangoyamba, zikwangwani zoitanira achinyamata ku semina zothyola matemberero a kumtundu zimadzaza m'makoma a m'tauni. Opitako ambiri ndi anyamata ndi atsikana amene aona zinthu zikubwerezabwereza kwawo. Agogo anapita ndi kachasu, bambo ali panjira yomweyo. Amayi akwatiwa katatu, achemwali awiri abwerera kale kumudzi ndi ana kumsana. Wachinyamatayo amaopa kuti nayenso zimupeza, ndipo mantha akewo si opusa.

Seminazi zili mitundu iwiri. Ina ndi ya usiku umodzi: nyimbo, kusala kudya, kusanjika manja mpaka mbandakucha. Ina ndi ya kagulu kochepa kokumana sabata ndi sabata. Kuona kwathu n'kwakuti yachiwiriyi ndiyo yoyenera nthawi yanu. Ya usiku umodzi imalimbitsa mtima, sitikukana, koma khalidwe limene mwana analiphunzira poonerera kwa zaka 18 silichoka ndi kufuula kwa maola asanu ndi limodzi.

Kagulu koyendetsedwa bwino kamakhala ka anthu 8 mpaka 12, kokumana ola limodzi ndi theka kwa masabata 6 kapena 8. Alangizi akhale awiri, bambo ndi mayi, ndipo ikafika nkhani ya zibwenzi ndi kugonana anyamata apite paokha, atsikana paokha. Anthu akapitirira 15, olankhula amakhala atatu omwewo, ena onse amangogwedeza mitu. Tsiku loyamba limathera pa pangano la chinsinsi: zonenedwa muno zithere muno, ndipo zisasanduke "mutu wa pemphero" pa gulu la WhatsApp.

Gawo lopindulitsa kwambiri ndi lojambula mtengo wa banja. Aliyense amalandira pepala lalikulu ndi zolembera za mitundu itatu kapena inayi. Amajambula mibadwo itatu: agogo, makolo ndi abale awo, kenako iye ndi abale ake. Mwamuna ndi kabokosi, mkazi ndi kabwalo, ukwati ndi mzere, ndipo ukwati wotha amaudula ndi timizere tiwiri. Akatero amaika chizindikiro chofiira paliponse pamene panali nkhanza, chabuluu pa mowa ndi chamba, china pa ngongole za katapila kapena kusiya sukulu. Mnyamata amene ankangoti "kwathu n'kotembereredwa" amayang'ana pepala lake n'kuona mabokosi asanu abuluu, onse oleredwa pakhomo limodzi pomwe ankatcheza kachasu. Apa m'pamene nkhani imasintha, chifukwa chinthu chimene wachiona pochokera ungathe kuchitsekera njira.

Pali vuto limodzi lomwe alangizi ambiri saliona. Mapepala okopera m'mabuku akunja amangofunsa za bambo ndi mayi. Kwa Achewa, Amang'anja, Alomwe ndi Ayao, mwana wokulira pachikamwini nthawi zambiri amaumbidwa ndi amalume, eni mbumba, komanso agogo akuchikazi. Mtengo wopanda amalume ndi wosoweka nthambi yaikulu. Mlangizi wodziwa amafunsa kuti, "Anakulerani ndani kwenikweni?" Amauzanso aliyense kuti alembe zabwino zimene anatengera: kulimbikira kumunda, kuchereza alendo, pemphero la madzulo la agogo. Popanda zimenezi mwana amatuluka akunyansidwa ndi mtundu wake wonse.

Pa Malemba m'pamene mungayesere semina mosavuta. Yosakhwima imangokhazikika pa Eksodo 20:5, pamene pakukamba za kulanga ana mpaka mbadwo wachitatu ndi wachinayi, osawerenga vesi 6 yonena za chifundo kwa anthu zikwizikwi. Yabwino imatsegulanso Ezekieli 18, pamene Mulungu akuletsa mwambi wakuti makolo adya mphesa zosapsa koma mano oyayamira ndi a ana, n'kunena kuti mwana sadzasenza mphulupulu za atate wake. Imaonetsanso mmene khalidwe limayendera m'banja mu Genesis: Abrahamu ananama kuti Sara ndi mlongo wake, Isake anachita zomwezo ndi Rebeka, Isake anakondera Esau, Rebeka anakondera Yakobo, Yakobo n'kudzakondera Yosefe mpaka abale ake kumugulitsa. Ndipo pali Yosiya, mdzukulu wa Manase, mwana wa Amoni, mafumu oipa onse awiri, amene analowa ufumu ali ndi zaka 8 nayenda njira ina.

Masabata otsiriza akhale a ntchito. Aliyense asankhe khalidwe limodzi lokha, alembe chimene chimaliyambitsa, monga tsiku lolandira malipiro, kunyozedwa pagulu kapena kusungulumwa Lamlungu madzulo, alembenso chochita m'malo mwake ndi munthu mmodzi womuimbira foni zikafika povuta. Amene amasankha zinthu zisanu nthawi imodzi sapitirira sabata yachitatu.

Zolakwika zilipo zambiri, ndipo zina n'zoopsa. Mukamva kuti kumasulidwa kwanu kukudikira botolo la mafuta odzozera kapena "mbewu" ya ndalama, nyamukani. Mukamva mneneri akuloza agogo anu kuti ndiwo anakumangani, dziwani kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la za ufiti la 1911, ndipo okalamba ena aphedwapo m'midzi chifukwa cha mawu oterewa. Kuulula machimo a m'banja pa maikolofoni nakonso kumavulaza: Lolemba mudzi wonse umakhala utadziwa. China chofala ndi kukakamiza mtsikana kukhululuka tsiku lomwelo n'kumubweza m'nyumba ya munthu amene akumugwirira. Kukhululuka ndi kwina, kubwerera pamoto ndi kwina. Ndipo wonena kuti musiye ma ARV kapena mankhwala a khunyu poti mwamasulidwa akukutumizani kumanda.

Semina yabwino imadziwa polekezera. Mwana akaulula za kugwiriridwa kapena kumenyedwa, mlangizi asamalize ndi pemphero lokha: pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, pali Victim Support Unit kupolisi, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choteteza wozunzidwa. Mtsikana wosakwana zaka 18 amene akukankhidwira kubanja, malamulo a dziko ali kumbali yake. Amene mowa wamulowerera mpaka kunjenjemera m'mawa, kapena akulankhula zodzipha, afunika achipatala, monga a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kapena chipatala cha boma chapafupi. Woledzera kwambiri akasiya mwadzidzidzi pa kusala kudya kwa masiku atatu amatha kukomoka n'kuyamba kuphupha, choncho asayambe yekha.

Za ndalama, magulu ambiri a pampingo ndi aulere, kupatula kusonkherana ya mapepala ndi tiyi. Musanalembetse, funsani abusa kapena atsogoleri a achinyamata mafunso atatu: alangiziwa anaphunzira kuti za uphungu, nkhani yolemera amaitumiza kwa yani, nanga semina ikatha adzakuyenderani ndani pakapita mwezi. Funso lachitatuli ndilo ambiri amakanika kuyankha.