Zikwama za m'mbali mwa njinga yamoto: zolimba, koma cha ku ekizozi chimapsa

Nyenyezi 3 mwa 5. Izi ndi zikwama ziwiri za nsalu ya poliyesitala yomatidwa pulasitiki ya PVC mkati, zija zolumikizana ndi malamba odutsa pampando wakumbuyo. Kasokedwe nkolimba, mazipi sagwira ngakhale alowe fumbi, ndipo mvula silowa. Pamenepo palibe chodandaula. Vuto lili pa chikwama cha mbali ya ekizozi, ndipo si laling'ono.

Opanga anasokerera kachigamba kakuda pansi pa chikwama chilichonse n'kulemba kuti n'kopirira kutentha. Kachigambako kamatha ndi kufunda chabe. Chitsulo cha ekizozi pa ulendo wautali chimatha kupitirira madigiri 200. Poliyesitala imasungunuka pa madigiri pafupifupi 250, koma PVC imayamba kufewa isanafike n'komwe pa 100. N'chifukwa chake chikwama chimawonongeka mkati kunja kukuonekabe bwinobwino. Poyamba ngodya yapansi imanyezimira ngati yapakidwa mafuta, kenako imauma gwa n'kukwinyika. Mukapisa dzanja, mumapeza pulasitiki ikufunduka ngati chikopa cha njoka, ndipo pamenepo ndi pomwe madzi adzayambe kulowera. Chomaliza kutha ndi ulusi wa msoko wapansi. Ukangoduka, katundu amagwera pa ekizozi penipeni.

Chimene chimapusitsa anthu ndi kuyeza mpata chikwama chilibe kanthu. Zikwamazi zilibe chitsulo kapena pulasitiki yolimba yozigwira thupi, ndiye mukalongedza zimafufuma n'kulendewera, malamba nawo amatamuka pang'onopang'ono. Mpata umene unali wa zala zitatu ponyamuka umatsala wa chala chimodzi mukadutsa m'mabampu, ndipo pokhota chikwama chimapendekera mkati n'kugunda chitsulo. Yezani mutalongedza mokwana, munthu atakhala pampando. Pakhale masentimita 5 kapena kuposerapo, ndipo muyezenso mukayenda makilomita 20 oyambirira.

Muonenso kumene kwaloza kamwa ya ekizozi. Pa njinga za ekizozi yokwezeka kumbuyo, utsi umawomba chikwama mwachindunji, ndipo chimapsa chisanakhudze chitsulo chilichonse. Nthawi yoipitsitsa si pothamanga ayi, chifukwa mphepo imachotsa kutentha. Ndi pamdipiti wa magalimoto, komanso mphindi zingapo mukangoima, pamene kutentha konse kumakwera molunjika pansi pa chikwama.

Kukonza kwake n'kotheka. Choyamba pamafunika zitsulo zogwiriza zikwama, zomangidwa pa felemu, kuti chikwama chisalendewere kapena kuyandikira tayala ndi tcheni. Kenako chotchinga cha aluminiyamu, chokhuthala mamilimita 1.5 mpaka 2, chomangidwa pa ekizozi ndi makilampu awiri achitsulo chosachita dzimbiri. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amachigunditsa pa ekizozi. Aluminiyamu imadutsitsa kutentha msanga kwambiri, ndiye chotchinga chogundana chimatentha ngati ekizozi yomweyo. Chimene chimateteza ndi mpweya wodutsa pakati, choncho siyani mpata wa sentimita imodzi poika manati kapena tizitsulo tolekanitsa. Chotchingacho chitalike kupitirira chikwama pang'ono mbali zonse ziwiri, ndipo m'mbali mwake muzipale ndi fayilo kuti zisang'ambe nsalu.

Timapepala tonyezimira tomata pansi pa chikwama timathandiza pa kutentha kwa chapatali, koma guluu wake amalekerera akatenthedwa kangapo. Nsalu yokulunga ekizozi sindiilimbikitsa pa ntchito imeneyi, imasunga chinyezi ndipo paipi imachita dzimbiri mkati mwa nsaluyo osaoneka.

Ngakhale mutatchinga, m'chikwama cha mbali imeneyo musaikemo petulo, kabotolo ka gasi, mabatire a lifiyamu, foni kapena mankhwala. Muikemo zipangizo zachitsulo ndi zina zosaopa kutentha, koma kulemera kwa zikwama ziwirizo kufanane, apo ayi malamba amatsetsereka n'kutsitsa mbali yolemerayo.

Pa njinga za ekizozi yotsika, yothera pansi pa popondera wokwera kumbuyo, zikwamazi zimakhala bwino popanda chowonjezera. Pa za ekizozi yokwezeka, musazikhazike musanaike zogwiriza ndi chotchinga. Kapepala ka malangizo kamene kali m'paketi sikatchula mpata wofunika ngakhale pamodzi, ndipo nyenyezi ziwiri zachoka chifukwa cha chimenecho.