Spark UI patapita miyezi ndikuigwiritsa ntchito

Kuyambira dzinja lapitali ndakhala ndikugwiritsa ntchito Spark UI pa makompyuta ochepa amene tinawalumikiza pamodzi mu ofesi yathu kuno ku Zomba. Spark UI ndi tsamba limene Apache Spark, pulogalamu yogawa ntchito yaikulu ya deta pa makompyuta angapo, imatsegula pa port 4040 ntchito ikamayenda, ndipo limaonetsa mmene deta yagawidwira m'zidutswa komanso mmene kompyuta iliyonse ikuyendera ndi gawo lake.

Chimene chandithandiza koposa ndi tebulo la pa Stages (gawo la tsambali loonetsa masitepe a ntchito), limene limaika pamodzi nthawi ya chidutswa chofulumira, chapakati ndi chochedwetsetsa. Tinali ndi ntchito yowerengera boma lililonse padera, ndipo nthawi zonse inkaima ikatsala pang'ono kutha, mpaka tinayamba kukayikira makinawo. Tebulolo linaonetsa kuti zidutswa zambiri zinkatha m'masekondi pamene chimodzi chinkatenga mphindi zochuluka, ndipo pa Event Timeline, chithunzi choonetsa nthawi imene chidutswa chilichonse chinayamba ndi kutha, chinkaoneka ngati mzere umodzi wautali, mizere ina yonse itatha kalekale. Chifukwa chake n'chakuti maboma 28 a dziko lino safanana kukula: kalembera wa 2018 anapeza anthu osakwana 15,000 ku Likoma, pamene ku Lilongwe anaposa 1.6 miliyoni osawerengera a mumzinda. Kompyuta imodzi inkasenza Lilongwe yonse, zinzake zitakhala chete. Adaptive Query Execution, njira ya Spark yosinthira dongosolo la ntchito ikamayenda, imene imayaka yokha kuyambira Spark 3.2, imagawa zidutswa zazikulu pa join (polumikiza matebulo awiri), koma pa ntchito ya mtundu wathu sinathandize, choncho tinayamba kugawa potsata madera a ma T/A, ndipo vutolo linachepa kwambiri.

Chimene sichindisangalatsa n'chakuti tsambalo limazimirika ntchito ikangotha, pomwe munthu umafuna kufufuza chimene chinalakwika. Ndikulangiza kuti muyatse spark.eventLog.enabled tsiku loyamba lomwe, kuti Spark izilemba zonse zochitika pa ntchito, ndipo History Server, tsamba la pa port 18080 limene limawerenga zolembazo, izikuonetsani ntchito zakale. Magetsi akathima ntchito ili mkati, musaganize kuti zolembazo zatayika, chifukwa nthawi zambiri zimene zinalembedwa kale zimapezeka pa mndandanda wa ntchito zosatha.

Spark UI siikuuzani ngati disk yatsala pang'ono kufa kapena ngati kompyuta yatentha mopitirira. Pa zimenezi tinaika Prometheus ndi Grafana, mapulogalamu osonkhanitsa ndi kuonetsa mmene makina akuyendera, ndipo panatenga nthawi kuti tikonze zithunzi zimene aliyense mu ofesi angawerenge popanda kufunsa mnzake.