Remap ya Stage 1 pa Golf GTI Mk5 yanga: ndemanga patatha chaka

Galaja imene inandichitira remap, ndiko kusintha pulogalamu ya m'kompyuta ya injini kuti mphamvu ichuluke, ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndaichotsa chifukwa cha klatchi, ndipo nkhani yake ili m'munsimu. Dzina la galaja sinditchula, koma ndi imodzi mwa zija zomwe zimangogwira injini za Volkswagen ndi Audi basi, ya bambo wachikulire mmodzi ndi anyamata awiri omuthandiza.

Galimoto yanga ndi Golf GTI Mk5 ya 2007, injini ya BWA, magiya 6 osintha ndi dzanja. Ndinaigula itadutsa kale m'manja mwa anthu awiri, ndipo kabuku kake ka sevisi kanali ndi magweru ngati m'kamwa mwa nkhalamba: apa padindidwa, apa palibe, apa palembedwa ndi pensulo. Koma ndinaikonda momwemo. Mipando ija ya nsalu ya timabokosi yokumbutsa GTI yoyambirira ya 1976, kamzere kofiira kapamphuno, ndi mmene imakhalira pansi ukailowetsa pakona, zinandigwira mtima tsiku loyamba lomwe.

Chimene chinandilowa m'mutu pambuyo pake ndi chomwe chimalowa aliyense wa galimoto imeneyi. Injini ya 2.0 TFSI ya banja la EA113 inatuluka kufakitale ndi 200 PS ndi torque ya 280 Nm, koma turbo yake ya K03 inasiyidwa ndi mpata, moti kungosintha pulogalamu ya m'kompyuta ya injini kumaifikitsa cha m'ma 240 kapena 250 PS osamasula bawuti iliyonse. Remap yotereyi ndiyo amaitcha Stage 1. Ndinasungitsa malo tsiku lina m'mawa, maganizo anga ali oti pofika masana ndikhala ndikubwerera ndi galimoto ina.

Bamboyo sanayambe ndi laputopu. Anailiza injini, natsegula boneti, n'kungoima chete khutu lili tcheru. Kenako anagwira chitsekero cha oyilo kuti atsegule injini ikulira. Chinakana. Atachikoka mwamphamvu chinatuluka ndi kaphokoso kofyonthera, injini n'kuyamba kunjenjemera ngati ikufuna kuzima.

"PCV yatha iyi," anatero osandiyang'ana n'komwe. PCV ndi valavu yotulutsira nthunzi ya oyilo m'injini.

Apa m'pamene analumikiza VCDS, pulogalamu ya pa laputopu yowerengera kompyuta ya galimoto, tinakwera tonse, iwo pampando wa pambali laputopu ili pamiyendo. Anandiuza kuti ndiike giya yachitatu ndiponde moto mpaka pansi. Tinabwereza katatu. Titabwerera anandionetsa mizere iwiri pasikirini, wina wa mpweya umene kompyuta ikupempha kwa turbo, wina wa umene ukufikadi. Mizereyo sinkakumana.

"Achimwene, lero pulogalamu sindiika. Galimoto yanuyi ngakhale 200 imene inabadwa nayo sikuikwanitsa. Mukufuna ndiisenzetse katundu wina pomwe wakewu ukuikanika?"

Kunena zoona ndinakhumudwa, ndipo mumtima ndinati ayamba, njira yondidyera ndalama ndi imeneyi. Iwo anaona nkhope yanga. Sanandinyengerere, anangoti ndidikire injini izizire andionetse kanthu.

Kanthuko ndi kamene kanasintha maganizo anga, choncho ndilongosole bwinobwino. Injini imeneyi imapopera petulo molunjika m'masilinda, ndipo kuti zitero pamafunika pampu yokankha mafuta mwamphamvu kwambiri, kufika cha m'ma 110 bar. Pampuyo imakhala pamutu pa injini, mbali ya kugiyabokosi, ndipo imakankhidwa ndi nsonga zitatu za pa camshaft yolowetsa mpweya. Pakati pa pampu ndi camshaft pali kachipewa kachitsulo, kakang'ono ngati chitsekero cha botolo, kotchedwa cam follower. Kakakhala katsopano, pansi pake pamakhala pakuda bii, posalala. Ntchito yake ndi kupereseka m'malo mwa zinzake zodulazo. Anachotsa mphamvu ya mafuta m'paipi, anamasula mabawuti atatu, anazula pampu, n'kukatola ndi chala kundiikira m'manja.

Kuda konse kunali kutachoka. Pakati panali poyera mbee, polowa m'kati ngati supuni, ndipo nditapititsapo chikhadabo chinkakodwa m'timizere. Anakaloza ku nyali kuona ngati kuwala kukudutsa. Kanali kasanabooke, koma kanatsala pang'ono. Kakabooka, mutu wa pampu umagunda camshaft chitsulo kwa chitsulo, ndiye umagula camshaft, pampu, ndi kusaka tizidutswa tachitsulo m'njira za oyilo. Anaunika m'bowomo ndi tochi akuzunguza injini pang'onopang'ono, nsonga zonse zitatu zinali zosalala. Mwayi wanga unali pamenepo. Injini za EA888 zimene zinabwera pambuyo pake zili ndi follower ya kagudumu, nkhawa imeneyi eni ake saidziwa. Ife a EA113 timayenera kumakasuzumira, ndipo zikuoneka kuti amene anali ndi galimotoyi ine ndisanaigule sanachitepo zimenezo.

Ndinasiya kutsutsa. Ndinawauza kuti achite zonse zimene akuona kuti n'zofunika, koma chilichonse chochotsedwa andisungire ndidzachione.

Anasungadi, m'katoni. Diverter valve, imene imakhala pa turbo penipeni n'kumatulutsa mpweya wotsala ukachotsa phazi pamoto, mphira wake unali utang'ambika ngati khutu la mbuzi, ndipo m'menemo ndi momwe mpweya unkathawira. Anaikapo yamtundu wa pisitoni yopanda mphira wong'ambika. PCV yatsopano, mapulagi anayi, ndi ma coil pack onse anayi chifukwa omwe analipo anali amitundu itatu yosiyana, umboni woti ankasinthidwa imodziimodzi ikafa. Lamba wa timing anamusintha pamodzi ndi pampu ya madzi, popeza pa injini iyi lamba yemweyo ndiye amazunguza pampuyo, ndipo m'kabuku munalibe pamene panalembedwa kuti anasinthidwapo. Lamba ameneyu akaduka mavalavu amakumana ndi mapisitoni, choncho pamenepa sindinafunse kawiri.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi zithunzi za mavalavu olowetsa mpweya atachotsa manifold. Poti petulo sadutsa pamenepo kuti azitsuka, nthunzi ya oyilo imamatirira n'kupsa, zaka zikamapita pamaunjikana mwaye wokhuthala ngati wa kudenga la khitchini yakale. Anautsuka powombera makoko a walnut operapera, amene amakokolola mwayewo osakanda chitsulo. Chithunzi cha pambuyo pake mavalavu akuoneka ngati angotuluka m'pepala.

Ndiwayamikirenso pa chimene sanandigulitse. Kumbuyo kwa mutu wa injini kuli katcheni kolumikiza ma camshaft awiri, ndipo ine ndinawerengapo kuti kamasokosa kakakalamba. Ndinati asinthe. Anamvetsera injini itagona usiku wonse, n'kunena kuti kali chete, ndisunge ndalama zanga. Munthu wofuna kukudyera satero.

Galimoto ndinakaitenga ilibe remap. Lamulo lawo ndi loti uyende nayo milungu iwiri kaye, ngati pali china chobisala chionekere. Ndipo apa ndi pamene ndinachita manyazi ndi kukwiya kwanga kuja. Inali itasintha kale. Kunjenjemera kwa m'mawa kunatha, turbo inkayankha msanga, ndipo kaphokoso kamluzu kamene ndinkaganiza kuti ndi chibadwa chake kanazimiririka. Miyezi yonse ija ndinkatamanda GTI yodwala, yeniyeniyo ndinali ndisanaiyendetsepo. Ndikayerekeza lero, kusiyana kwa galimoto yodwala ija ndi yokonzedwayi kunali kwakukulu pafupifupi mofanana ndi kumene remap inadzabweretsa.

Tsiku la remap zinayenda mwadongosolo. Anayamba akopera pulogalamu ya kufakitale n'kundipatsa pa fulashi, kuti ndikadzafuna kubwerera ndisadzavutike. Anandifunsa petulo amene ndimathira tsiku ndi tsiku, osati amene ndimalakalaka nditamathira, chifukwa pulogalamu yokonzedwera petulo wa octane 98 ukamaimwetsa wa 95 kompyuta imakhalira kubweza timing kuti injini isagogode. Ataika, tinakayesanso kumsewu akuyang'ana mphamvu ya mafuta m'paipi ndi mmene timing ikukhalira pa silinda iliyonse. Anasintha pang'ono kamodzi, tinabwerezanso, ndiye anakhutira.

Mmene imamvekera? Kusintha kwenikweni kuli pakati, kuyambira cha m'ma 2,500 rpm kukafika 5,000. Pa giya yachitatu imakukankhira kumpando mosanyengerera, ndipo kupitirira lole panjira yaitali sikufunanso kutsitsa giya. Kumwamba kwenikweni musayembekezere zozizwitsa. K03 ndi turbo yaing'ono, ikamayandikira 6,000 imakhala itatha mpweya, ndiye ndi bwino kusintha giya msanga n'kukwera pa torque. Mafuta imamwa monga kale ukamayenda mofatsa. Vuto ndi phazi, silifatsanso.

Tsopano nyenyezi yosowa ija. Patatha miyezi itatu, ndikukwera chitunda chachitali pa giya yachisanu ndi chimodzi, ndinaponda moto injini ili pansi. Kamuvi ka rpm kanalumpha, koma liwiro silinasunthe. Ndinachotsa phazi, kanabwerera. Ndinayesanso, chimodzimodzi, ndipo nditaima ndinamva kafungo kaja kopserera. Klatchi inali ikuterereka. Mlandu si wa klatchiyo: inapangidwira 280 Nm, inali itatumikira zaka zambiri, ine n'kuisenzetsa zoposa pamenepo. Dandaulo langa ndi loti munthu amene anaona kachipewa kobisika m'mutu wa injini, za klatchi sanatchulepo liwu limodzi. Nditabwerera anangoti, "Eya, zimachitika zimenezo pa zosintha ndi dzanja. Ndikanakuuzani." Kuvomera anavomera, koma ndikanadziwiratu ndikanakonzekera, mwinanso ndikanapempha pulogalamu yochepetsako torque pansi. Kusintha klatchi kumafuna kutsitsa giyabokosi, ndipo poti inali itatsika kale ndinasinthiratu ndi dual mass flywheel, imene inali itayamba kugwedera. Zonsezo zinadya ndalama zoposa remap yeniyeniyo. Klatchi yolimbirapo imene ndinaika imagwira bwino, koma pedulo yake ndi yolemerako, mumsewu wothithikana mwendo wamanzere umadandaula.

Palinso kena kakang'ono: ntchito yoyamba ija anati masiku atatu, inatenga asanu ndi anayi, ndipo foni kumeneko imangolira. Ukafuna kudziwa pamene afika, pita wekha.

Amene muli ndi DSG, giyabokosi yosintha yokha magiya, nkhani ya klatchi yoterereka siikufulumirani chonchi, koma giyabokosi yanuyo, DQ250, imafuna oyilo ndi sefa zatsopano pa makilomita 60,000 alionse, ndipo ngati simukudziwa kuti zinasinthidwa liti, yambani ndi zimenezo.

Mphamvu zowonjezerazo zinaululanso zofooka zina. Galimotoyi imakoka ndi matayala akutsogolo okha, ndipo ilibe diff yotsekera yeniyeni, imangodalira mabuleki kugwira tayala limene likuzungulira pachabe. Msewu ukanyowa, giya yachiwiri inkangopalasa, kutsogolo kukudumphadumpha, gu gu gu, mpaka dashibodi kugwedezeka. Ndinasintha dogbone mount ya pansi pa injini ndi mabushi akumbuyo a mikono yakutsogolo, amene anali atang'ambika, kenako matayala anayi abwino a 225/45 R17 m'malo mwa otsika mtengo omwe ndinaipeza nawo. Pa zonse zimene ndagulira galimotoyi, matayala ndi amene ndimawamva pa kona iliyonse. Mabuleki sindinakulitse. Madisiki akutsogolo a 312 mm ndi okwanira pamsewu wamba, ndinangoika mapadi abwino ndi brake fluid watsopano wa DOT 4, amene amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse koma anthu timaiwala. Komanso ndinawadziwitsa a inshuwalansi kuti galimoto yasinthidwa. Ambiri amabisa, koma tsiku la ngozi chobisikacho chimatuluka.

Anzanga akundikakamiza Stage 2, ati ndiike downpipe (paipi ya utsi yochokera pa turbo) ndi pampu yamafuta yokulirapo, ena mpaka akuti ndisake turbo ya K04 ngati ya pa GTI Edition 30, imene inatuluka ndi 230 PS. Mtima umadumpha ndithu ndikamva. Koma pampu yamphamvu imaperesa kachipewa kaja mofulumira, kuchotsa catalytic converter, chosefa utsi chimene chili pa downpipe ya kufakitale, kumabweretsa fungo ndi milandu ya utsi, ndipo matayala awiri akutsogolowa ntchito imene ali nayo yawakwana kale. Pakadali pano ndaima pomwepa.

Kodi galajayi ndingaitumizire munthu? Inde, ndatumizako kale awiri, onse ndinawauza kuti akafunse okha za klatchi ndipo asakhulupirire tsiku limene awauze. Mmodzi anabwezedwa ngati ine.

Oyilo tsopano ndimasintha msanga kuposa mmene kompyuta ya galimoto imanenera, 5W-40 wa muyezo wa VW 502 00, ndipo pa kusintha kwachiwiri kulikonse ndimazula pampu ndekha kuona follower. Bamboyo anandiphunzitsa: injini ikhale yozizira, chotsa kaye mphamvu ya mafuta, ika kansanza pansi pa paipi, ndipo pobwezera mabawuti atatu aja manga mosinthanasinthana pang'onopang'ono kuti pampu ikhale mowongoka. Ulendo woyamba manja ankanjenjemera, pano ndi ntchito ya theka la ola. Mwezi watha ndinakapeza kakadali kakuda bii. Kakale kaja ndinakasunga m'kabokosi ka pakati pa mipando, kamalira ngwe ngwe ndikadutsa pabampu.

Sabata ino m'mawa wozizira ndamva kaphokoso katsopano kumbali ya giyabokosi, tcheketcheke kwa masekondi awiri injini ikangolira, kenako zii. Ndi katcheni kaja. Ndayesa kuimba foni kawiri osayankhidwa, ndiye Loweruka ndipita ndekha.