Hita, heat pump kapena sola: kutenthetsa ka pool nthawi yozizira

Juni ndi Julayi kuno ku Lilongwe madzi a mu pool amazizira koopsa, ana anga amangoviika chala n'kuthawa, nde ndinakhala pansi kuwerengera. Malita 1,000 kuti atenthe digiri imodzi amadya mayuniti 1.16 a magetsi, ndiye ka pool ka malita 20,000 kuti mukakweze madigiri 8 ndi hita wamba ya element, mayuniti a ESCOM pafupifupi 186 apita, ndipo uku n'kuyamba chabe, mukapanda kuvindikira usiku kutentha kwambiri kumathawa ndi nthunzi, mawa muyambirenso.

Heat pump ndi yodula pogula inde, koma iyo imangokoka kutentha kwa mumpweya n'kupititsa m'madzi, yuniti imodzi imagwira ntchito ya mayuniti 4 kapena 5, nde ntchito yomweyo mayuniti 40 kapena kuposerako pang'ono basi. Kungoti m'mamawa kukazizira kwambiri imafooka, muziiyatsa masana.

Ine mtima wanga uli pa sola, mapaipi akuda aja apadenga omwe madzi a mu pool amadutsamo n'kutenthedwa ndi dzuwa. Nyengo yozizirayi mvula kulibe, dzuwa lilipo, magetsi amadya ndi pampu yokha. Vuto kukachita mitambo masiku awiri atatu, osambira aiwale kaye.