NIST Atomic Spectra Database: ndi yaulere, ndipo imakuuzani pomwe manambala ake ndi ofooka

Mu plasma (mpweya umene maatomu ake ena ataya maelekitironi) yotentha madigiri 10,000 simungalowetse thermometer. Timayeza kutentha kwake poona kuwala: spectrometer imagawa kuwalako m'mizere, ndipo mphamvu ya mzere uliwonse imasonyeza kuchuluka kwa maatomu amene anakwera pa mlingo wina wa mphamvu. Koma mizere payokha siinena kanthu ngati mulibe manambala a atomuyo. Apa ndi pamene ndimadalira Atomic Spectra Database, nkhokwe ya pa intaneti ya manambala amenewa, ya NIST, bungwe la boma la America la ku Gaithersburg, Maryland.

Ine ndimayeza arc (moto wa magetsi) yoyaka pakati pa timitengo tiwiri ta kopa. Ndikalemba "Cu I" (atomu ya kopa yosataya elekitironi) ndi kusankha wavelength, kutalika kwa funde la kuwala, ya 500 mpaka 530 nm (nanomita), imanditulutsira mizere ya 510.5, 515.3 ndi 521.8 nm, uliwonse ndi A yake (liwiro limene atomu imatsikira pa mlingo n'kutulutsa kuwalako), g yake (kuchuluka kwa mikhalidwe ya mphamvu yofanana pa mlingowo), ndi mphamvu ya mlingo wapamwamba. Wa 510.5 umachokera pa 3.82 eV (electronvolt, muyezo wa mphamvu), inayo pa 6.19 eV. Mpata umenewu ndi umene umapangitsa Boltzmann plot, girafu yoyerekeza kuwala kwa mizere ndi mphamvu ya milingo yake, kukhala yodalirika, chifukwa kutentha kumachokera pa kupendekeka kwa mzere wa girafuyo. Yesani ndi mizere yofiira ya argon yokha, monga 750.4 ndi 811.5 nm: milingo yake yathithikana pafupi ndi 13 eV, ndiye kaphokoso pang'ono m'miyezo kamasokoneza yankho lonse.

Chimene ndimaikondera kwambiri ndi zilembo zosonyeza kudalirika zimene imaika pambali pa nambala ya A. Chilembo B chikutanthauza kuti nambalayo ingaphonye ndi 10 peresenti, C ndi 25, D ndi 50. Sikubisirani. Ophunzira ambiri gawo limeneli amalidumpha, kenako n'kulemba kutentha mpaka digiri yomaliza. Zimandiwawa ndithu.

Maonekedwe ake ndi achikale, ndipo pa foni matebulo ake amavuta kuwerenga. Tsegulani pa kompyuta. Samalaninso: pakati pa 200 ndi 2000 nm imapereka wavelength ya mumpweya, kunja kwake ya mu vacuum.

Ntchito ziwiri sikugwirirani. Kalibulesheni ya spectrometer yanu pogwiritsa ntchito nyali yodziwika mphamvu ndi udindo wanu. Komanso m'chubu cha mpweya wochepa, momwe maelekitironi sagundana pafupipafupi ndi maatomu, plasma sikhala mu LTE (local thermodynamic equilibrium, pamene maelekitironi ndi milingo ya maatomu zimatsatira kutentha kumodzi), ndipo nambala imene mwapeza si kutentha kwa maelekitironi, ngakhale madontho atandondozana bwino pa girafu.