Kuyezetsa mabakiteriya a m'matumbo kudzera pa positi: kothandiza pa zakudya, osati pa khansa

Kuno ku Britain kwachuluka makampani a pa intaneti amene amayeza mabakiteriya a m'matumbo, ndipo ndinagula phukusi la kampani ina chifukwa m'banja mwathu muli munthu amene anadwala khansa ya m'matumbo. Phukusilo limabwera ndi kabotolo kokhala ndi timadzi tosungira, kamtengo ka thonje kotapira chimbudzi pang'ono, komanso envulopu yotumizira ku labotale. Malangizo ake ndi omveka bwino, ndipo ntchito yake ndi yaukhondo.

Zotsatira zimafika pa foni patapita milungu ingapo, zili ndi mayina a mabakiteriya ndi zithunzi zamitundumitundu. Uphungu wake wa zakudya ndinauyamikira, chifukwa umalimbikitsa nyemba, ndiwo zamasamba ndi mbewu zosakonola, zomwe ife a nsima ya mgaiwa timazidziwa kale, komanso kuchepetsa soseji ndi nyama zina zokonzedwa kufakitale.

Chimene chinandidetsa nkhawa ndi momwe malonda ake amatchulira za khansa, ngati kuti kuyeza mabakiteriya kungamuuze munthu za matendawa. N'zoona kuti kuyambira mu 2011 akatswiri akhala akupeza bakiteriya wotchedwa Fusobacterium nucleatum, amene kawirikawiri amakhala m'kamwa, atachuluka m'zotupa za khansa ya m'matumbo, ndiponso kuti mitundu ina ya bakiteriya wotchedwa E. coli imatulutsa poizoni wotchedwa colibactin yemwe amawononga DNA ya maselo a m'matumbo. Koma mabakiteriya amenewa amapezekanso mwa anthu amene alibe khansa, ndipo kusapezeka kwawo m'chimbudzi si umboni wakuti munthu alibe chotupa. Lipotilo limavomereza kuti silipima matenda, koma mawuwo analembedwa m'zilembo zing'onozing'ono kumapeto, pamene munthu wamantha sangafikepo atasangalala kale ndi mtundu wobiriwira wa pamwamba pa lipotilo, wooneka ngati ukusonyeza kuti zonse zili bwino. Zimenezi sizabwino, chifukwa khansa imeneyi imachizika kwambiri ikapezeka msanga.

Amene akufuna kudziwa za khansa asawononge ndalama zake pa phukusi lotere. Ku England a NHS, bungwe la boma loona za umoyo, amatumiza kwaulere kachipangizo ka FIT, kofufuza magazi obisika m'chimbudzi, kwa anthu a zaka 50 mpaka 74 pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo magazi akapezeka munthu amaitanidwa kuti akamuunike m'matumbo ndi kamera. Amene akuona magazi m'chimbudzi, akuonda popanda chifukwa, kapena kapitidwe kake kuchimbudzi kasintha kwa milungu ingapo, akaonane ndi adokotala mosadikira zaka zimenezo.